Dzina la Mwamuna Wanga pa Kompyuta

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga ndi abale nonse, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni. Mawu akamanjenjemera, mundipirire.

Ambiri mumangodziwa kuti ndimagwira za makompyuta. Kampani yathu imapatsidwa ntchito ndi boma, ndipo ine ndi amene ndimajambula pulani ya pulogalamu yonse: ichi chikhale apa, ichi chilumikizane ndi icho, kenako anzanga amalemba motsatira. Matipati ataloledwa, boma litasintha, anatipatsa ntchito yoti mbiri ya ogwira ntchito m'boma ichoke m'mafayilo, ilowe mu kompyuta. Ndine ndinaumirira kuti pakhale malo osonyeza kuti munthu wamwalira, kuti akazi amasiye asamazunzike pokatenga ndalama za amuna awo. Ndinkayankhula mopepuka, abale. Ndinkayesa ndikukonzera ena.

Bambo a kunyumba ena mukuwakumbuka, ankaimba besi mukwayamu. Anali mphunzitsi. Ndikamajambula timabokosi ta pulani yanga patebulo ku Chitawira kuja, ankasuzumira n'kumaseka: "Amayi, ine mwandiika m'bokosi liti?" Chaka chomwecho anadwala. Anatha ndikuwaona, abale, ndikuwaona ndi maso angawa. Tinakawaika kwawo ku Rumphi.

Nditabwerera kuntchito, ananditumiza kukaphunzitsa makalaliki a boma. Ndinati aliyense atenge fayilo pamulu, tiyeserere. Mayi wina anatenga yake. Sankandidziwa, poti kuntchito ndimatchedwa dzina la bambo anga ondibereka. Anawerenga mokweza dzina la mwamuna wanga, lonse, n'kunena kuti, "Madamu, awa akuti anamwalira. Ndidine pati?"

Abale, ndinamulozera. Chala changachi. Ndinati, "Dinani apa." Anadina, dzina lija n'kuchoka pakati pa amoyo. Pulogalamu inagwira bwinobwino, monga ndinaikonzera.

Ndinatuluka osatenga ndi chikwama chomwe. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, maminibasi akundiimbira hutala. Kuyambira pamenepo ntchito ndinaisiya, tchalitchi ndinasiya, kusamba kumene kunali kokakamizidwa. Kupemphera kunakanika. Ndinkangoti, "Mulungu, nzeru zimenezi munandipatsiranji?"

Amayi a mumpingo muno simunatope nane. Munkabwera, n'kungokhala pamkeka, osandilalikira. Tsiku lina mayi Nachisale aku Ndirande, nawonso wamasiye, ali apowo, anandigwira dzanja. Anati, "Mwanawe, ine ku Lilongwe ndatopa nako. Ndikafika akuti fayilo ya bambo yasowa, mubwere mwezi wamawa. Iwe ukagona pamenepa, atimalizire ndani?"

Ndinalira kuposa pamaliro paja. Iwo analira nane, kenako anapemphera, ine n'kupeza pakamwa panga payankha kuti amen.

Lolemba lake ndinavala, ndinapita kuntchito. Ndinakhala pansi pa kompyuta. Ntchito ija tinaimaliza.

Sindikunamizani, abale, mtima ukadali ndi bala. Mulungu sanandibwezere mwamuna wanga. Koma anandidzutsa, anandidzutsa ndithu. Sabata yathayi mwana wanga wamkazi anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Amama, mwaseka." Ine osadziwa n'komwe kuti ndaseka.

Zikomo abusa, zikomo amayi anzanga, ulemu ubwerere kwa Yehova. Misoziyi isakulepheretseni, kondwerani nane. Amayi, lululutani inu, ine mawu andithera. Aleluya!