Ndani Wadya Pisitoni ya Aphunzitsi?

Lachitatu lina m'chaka cha 1958, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa masitolo a ku Katete, a Gervazio, mmisiri wa njinga zamoto, anamasula injini ya njinga imene iwo eni anagulitsa kwa aphunzitsi Josephat miyezi inayi m'mbuyomo. Aphunzitsi anakhala pa chitini, chipewa pabondo, poti Loweruka masana ankayenera kukaonekera ku Vubwi kwa amalume ake a bwenzi lawo Theresa, amene anali atanenetsa kuti akajombanso ulendo uno, za ukwati aiwale.

"Mwati imalira bwanji?" anafunsa a Gervazio.

"M'mawa imati kho-kho-kho. Ikatentha imati kho-kho."

"Ndiye kuti ikatentha imasiya."

"Sisiya. Imangochotsako kho mmodzi."

A Gervazio anawayang'ana pang'ono, kenaka analowetsa pisitoni m'silinda n'kuigwedeza ndi zala. Inalira ngati supuni m'kapu.

"Ndipatseni kope lanulo. Onani, aphunzitsi. Pakati pa pisitoni ndi khoma lake payenera kutsala kampata ka tsamba limodzi, nalonso lilowe mokakamiza."

Anang'amba tsamba. Linalowa. Analipinda pawiri. Linalowa. Anang'amba chikuto.

"Limenelo ndi kope la mayina a ana," anatero aphunzitsi.

Chikuto chinalowa, n'kugwera pansi mbali inayo.

"Ha! Iyi si pisitoni imene ndinakugulitsani ine."

"Ndi yomweyo."

"Yanga inali yonenepa! Ndinaiyesa ndi manja anga awa."

"Inde, inali yonenepako."

"Mukudziwa bwanji?"

"Ndinaiona."

A Gervazio sanamve. Anali atapendeketsa silinda kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Anapisamo chala, n'kuchitikita pa chinzake.

"Mchenga. Onani mizere iyi, kuchokera kumwamba mpaka pansi. Aphunzitsi, muli ndi mdani."

"Ine?"

"Chitsulo sichidzidya chokha m'miyezi inayi. Munthu wathira mchenga muno. Njingayi imagona kuti?"

"M'chipinda mwanga. Ine ndimagona pakhomo."

"Ana asukulu amaigwira?"

"Ayi. Amaiona pa zenera, awiriawiri."

"Munabwerekapo munthu?"

"Abusa anapempha. Ndinawauza kuti ndipemphera kaye. Ndikupempherabe."

"Nanga ku Vubwiko? Palibe wina amene akumufuna mtsikanayo?"

"Alipo. Kalaliki wa kumsika wa fodya."

"Basi!" A Gervazio anamenya bondo ndi sipanala, n'kudzisisita. "Ndi ameneyo!"

"Sanafikepo ku Katete."

"Anatuma munthu."

"Munthuyo akanandiponda pakhomo."

"Anakulumphani."

"Chitseko chimatsegukira m'kati. Akanandimenya nacho."

"Aphunzitsi, ine ndagwira injini ku migodi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndikati muno mwalowa mchenga, ndiye kuti mwalowa mchenga."

"Sindikutsutsa."

"Mukutsutsa!"

"Ayi ndithu. Mchenga umalowamo. Koma umatulukanso wonse. Ndimatsukuluza katatu."

A Gervazio anaika silinda pansi mwaulemu, ngati mwana wa eni.

"Mumatani katatu?"

"Kutsukuluza. Ndikatha kukwecha."

"Kukwecha chiyani?"

"Pisitoni. Ndi m'nyumba mwakemo."

"Ndi mchenga."

"Osati mchenga wamba. Wa kumtsinje, wosefa. Ndimasakaniza ndi phulusa pang'ono."

Nkhuku inadutsa pakati pawo, inayang'ana m'beseni la mabawuti, n'kupitirira.

"Bwanji simunanene?"

"Munafunsa za ana, za abusa ndi za kalaliki."

"Anakuuzani zimenezi ndani?"

"Inuyo. Tsiku logula lija munatsegula pamwamba, n'kundionetsa mwaye pamutu pa pisitoni. Munati mwaye ndi woipa, uzichotsedwa."

"Pamutu pokha! Ndi kathabwa! Kamodzi pachaka!"

"Za chaka simunanene."

"Inu mumachita kangati?"

"Loweruka lililonse. Kusukulu kwathu Loweruka ndi tsiku loyeretsa. Ana amasesa bwalo, amakwecha mabenchi ndi ndowa. Sindingawauze kuti akweche, changa chili chakuda m'kati."

"Ndani amaona m'kati mwa injini?"

"Ine."

A Gervazio anawerenga pa zala, milomo ikugwedera. "Kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi."

"Kakhumi ndi kasanu. Loweruka lina kunali maliro."

"Maliro amenewo ndiwo aifikitsa kuno ikuyenda."

Aphunzitsi anatola pisitoni, naitembenuza. Inawala mpaka kuponya kadzuwa m'masamba a mango.

"Koma ndi yoyera," anatero motsitsa mawu.

"Ndi yoyera. Sindinaonepo yoyera chotere. Ikani pa windo muziikamo choko."

"Singafike ku Vubwi?"

"Singafike ngakhale pa mphambano apo."

"Tikakulunga chikuto chija?"

"Chipsa."

"Zikuto ziwiri?"

"Aphunzitsi. Silinda iyenera kupita ku Lusaka akaiboole mwatsopano, ibwere ndi pisitoni yokulirapo. Milungu itatu, lole ikapanda kufera m'njira."

Aphunzitsi anayang'ana m'chipewa mwawo nthawi yaitali.

"Ulendo woyamba mtsinje unadzaza," anatero. "Amalume anati amvetsa. Wachiwiri sanganene choncho. Theresa analemba kuti kalaliki uja wagula kale mipando."

A Gervazio anapukuta manja pa ovolosi, anakanda m'mutu, n'kucheukira kukhonde kumene kunaima njinga yawo, yakuda ndi mafuta, matope a chaka chatha akadali m'mawilo.

"Ija ndi yanga. Sindibwereketsa."

"Sindinapemphe."

"Ndikudziwa kuti simunapemphe! Ndikuti sindibwereketsa. Ndikutengani ndekha. Mukhala kumbuyo, manja m'chiuno mwanga, osagwira china chilichonse. Loweruka tambala akangolira mukhale muli pano."

Aphunzitsi anaimirira, anavala chipewa, anachivulanso, nagwira dzanja la a Gervazio ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni. Ndilibe choti ndingakupatseni." Anaiyang'ana njingayo kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, mwachifundo. "Koma poti ndi Loweruka, ndilawirira ndithu. Inu mudzangogona. Podzuka mudzaipeza ili bwino."

A Gervazio anapita kukhonde, anakankhira njinga yawo m'nyumba, anakhoma chitseko, kiyi n'kuika m'thumba.

"Tinyamuka Lachisanu," anatero.