Mabowo Anayi pa Galimoto ya a Zerezghi

Malemu bambo Zerezghi Habtezion anabadwa pa 9 Malichi 1943 ku Dekemhare, mwana wachiwiri mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Habtezion ndi mayi Letemikael. Ansembe athu olemekezeka, akuluakulu, ndi nonse amene mwadzaza tenti ino, ine amene ndaima pamaso panu ndine Mebrahtu, mng'ono wawo, chitsirizira m'banja lathu. Abale andipempha kuti mbiri iyi ndiiwerenge mwachidule ndiponso mofatsa. Mwachidule ndiyesa. Mofatsa sindikulonjeza.

Sukulu anayamba m'chaka cha 1950 kwa ansembe konko ku Dekemhare, ndipo analekezera kalasi yachisanu bambo athu atatisiya. Mu 1957 anabwera kuno ku Asmara kudzalowa ntchito pa galaja ya Mtaliyana wina, bambo Ottavio Brancaleoni. Anasesa pansi zaka ziwiri asanaloledwe kugwira sipanala. M'galaja momwemo ndi mmene anakumana ndi galimoto imene inadzawadyera moyo wonse, Lancia ya chaka cha 1953, yamtundu wobiriwira moderako. Thupi lake silinatuluke m'makina, linasulidwa pamanja ndi amisiri a ku Torino, ndipo bwana wawo ankati zonga iyo sizinakwane khumi. Achimwene anga ankaipukuta ndi malaya awo sanza ikasowa.

Pa 28 Januwale 1968 anamanga ukwati woyera ndi mayi Tiebe Andemariam, amene akhala apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi. Tsiku lomwelo analandiranso mlamu, a Fessehaye, mlongo wawo wa mayi Tiebe. Ndikuwaona akhala mzere wachitatu atavala jekete yakuda, mpango uli m'manja. Musatembenuke msanga, nthawi yawo ifika.

Mu Febuluwale 1975, mfuti zitayamba kulira mumzinda muno, bambo Brancaleoni ananyamuka ndi sutikesi imodzi. Pochoka anaika makiyi m'dzanja la malemu n'kunena kuti, "Zerezghi, ameneyu ndi mwana wanga. Asilikali asamukwere." Malemu anakankhira galimotoyo m'chipinda chosungira makala kuseri kwa nyumba, n'kumanga khoma la njerwa pomwe panali khomo. Asilikali anasecha nyumbayo katatu. Ulendo wachitatu anawathyola mano awiri, koma za khomalo sananene kanthu.

Mu Juni 1991, nkhondo itatha, tinagumula khomalo ine ndili pomwepo. Chimene tinapeza chinali chomvetsa chisoni. Makoswe anali atadya mipando ndi mawaya onse, matayala anali ataphwa n'kuuma, ndipo pansi dzimbiri linali litadya moti phazi langa linapyola. Bambo Brancaleoni anali atamwalira kwawo, ndipo ana awo anayankha kalata ya malemu kuti, "Sungani, ndi yanu." Tonse tinati agulitse kwa osula mbaula. Malemu anangovula jekete n'kupempha tupa.

Kuyambira chaka chimenecho mpaka 2017, masana ankakonza galimoto za anthu kuti ana adye, ndipo Loweruka ndi maholide zinali za Lancia. Amene simunakonzepo galimoto yakale simungadziwe kuti imanyenga bwanji. Ukatsegula pamodzi kuti uchotse dzimbiri, umapeza kuti lafalikira pena pasanu. Zipangizo zake kunalibe, kuno ngakhale kwawo komwe. Galasi lakutsogolo analidikira zaka zinayi, ndipo linafika ku doko la Massawa lili zidutswa ziwiri. Anaitanitsa pampu ya madzi, kunabwera ya thirakitala. Choncho anaphunzira kuti chikasowa chinthu, n'kupanga. Ankapita kwa osula a ku Medeber ndi kachitsulo kodyeka m'thumba, n'kukhala nawo tsiku lonse mpaka atasula chofanana nacho. Phala lomatira maenje ankadana nalo koopsa, ankati limenelo ndi bodza lopaka penti.

Mayi Tiebe anapirira zambiri, ndipo ndinene pano kuti tikuwathokoza. Ankati, "Anzanga amalimbana ndi akazi anzawo oyenda ndi miyendo, ine mkazi mnzanga alibe ndi matayala omwe." Mwana wawo woyamba, Saba, anamulonjeza kuti adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyi tsiku la ukwati wake. Saba anakwatiwa mu 1999, anapita pa takisi, anabereka ana atatu, anasamukira ku Bologna, ku Italiya, kukagwira ntchito ya unamwino, injini isanalire n'kamodzi komwe. Tinkawaseka achimwene, nawonso ankaseka nafe.

Tsopano tcherani khutu. Mu Seputembala 2012, a Fessehaye anabwera kunyumba ndi mlendo wochokera ku Italiya, wogula galimoto zakale. Mayi Tiebe anamuphikira khofi, anamwa makapu onse atatu monga mwa mwambo. Kenako anagona chagada pansi pa galimotoyo ndi malaya ake oyera, tochi ili m'manja. Atadzuka anapempha kugula. Malemu anati, "Mwana sagulitsa." Mwezi wotsatira tinapita tonse ku Keren kukaika mlongo wathu, ndipo makiyi a galaja anasiyira mlamu wawo, munthu amene anadya naye m'mbale imodzi zaka makumi anayi.

Titabwerako tinapeza chinthu chimodzi chokha chitasowa. Kutsogolo, pafupi ndi injini, panali kachitsulo ka mkuwa kosakwana chikhatho, kolembedwa nambala ya galimotoyo. Kanali katazulidwa, patatsala mabowo anayi. Nambala ina yodindidwa pa chimango inali itapalidwa ndi makina. A Fessehaye anati, "Alamu, ndi ana a m'khwalala muno awa, mkuwa akauona sagona." Malemu anagwedeza mutu n'kunena kuti galimoto imayenda ndi injini, siyenda ndi kachitsulo. Ndiye anachita chimene anazolowera zaka zonsezo. Nambala inali m'mutu mwawo, anapita ku Medeber, anasula kachitsulo kena kokongola kuposa koyamba, n'kukhomapo.

Iwo anali makaniko. Sankadziwa kuti kwa anthu osunga galimoto zoterezi, galimoto si injini kapena thupi, galimoto ndi nambala. Ine ndinali mphunzitsi, ndinayenera kuwachenjeza, koma nanenso sindinadziwe, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Pa 12 Novembala 2017 injini inalira. Ambiri a inu munaona tsiku lija akudutsa mumsewu waukulu atavala chipewa, mayi Tiebe ali pambali pawo akubisa kumwetulira, anthu akusiya makapu awo pa matebulo kuti aombe m'manja. Pofuna kuti ntchito yawo ilembedwe m'buku, anatumiza zithunzi ku bungwe lina la eni galimoto zakale ku Italiya. Yankho linafika mu Febuluwale 2018. Linati galimoto ya nambala imeneyo ilipo kale kumeneko, ili ndi kachitsulo kake kenikeni ndi zikalata zonse. Linati kachitsulo ka ku Asmara n'kosula dzulodzulo. Ndipo m'magazini yawo anaikamo chithunzi cha achimwene anga ataima pambali pa galimoto yawo, pansi pake atalemba kuti anthu achenjere ndi achinyengo. Mlendo uja anali atatenga kachitsulo kathu n'kukakhoma pa galimoto yongolumikiza zidutswa za zinzake.

Munthu amene anakana phala lomatira maenje anatchedwa wachinyengo, dziko lonse likuwerenga. Tsiku lomwelo anazula kachitsulo kawo kosula kaja n'kukataya m'chimbudzi, mabowo anayi aja n'kuwasiya poyera. Patatha masabata atatu anagwa m'bwalo, mbali yakumanja inafa, lilime linalemera. Madokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Ife tikudziwa amene anawathamangitsa. A Fessehaye ankabwera kudzazonda ndi malalanje, ndipo nthawi yomweyo n'kuti akumanga nyumba yosanja ku Dekemhare. Mtengo umene anagulitsira mlamu wawo sinditchula, pano pali ansembe. Malemu anali atazindikira kale, koma chifukwa cholemekeza mayi Tiebe anatseka pakamwa.

Mu 2021, ali pa njinga ya olumala, anaitana mwana wawo Filmon n'kumuuza kuti aphwasule galimoto. Filmon anaganiza kuti mutu wawasokonekera. Koma malemu ankadziwa chimene wakuba sanadziwe. Amisiri a ku Torino aja, popeza chitseko chosula pamanja chimangokwanira galimoto imodzi, ankadinda nambala kuseri kwa chidutswa chilichonse kuti zisasokonekere. Malemu anaziona nambalazo pokonza, ndipo anazikwirira okha ndi penti ndi chikopa. Kuti zioneke panafunika kupala penti imene anapaka kasanu ndi kawiri, kung'amba mipando imene anasoka okha, ndi kuzula zitseko. Iwo ankaloza ndi dzanja lamanzere, Filmon n'kumapala misozi ili chuchuchu. Filmon anati, "Ababa, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zonsezi?" Iwo anati, "Pala, mwanawe. Penti si dzina." Nambala inapezeka malo makumi awiri ndi atatu.

Saba anayenda ndi zithunzi za nambalazo m'maofesi a ku Italiya zaka ziwiri, akumutsekera zitseko, iye osatopa. Mu Novembala 2023 kunabwera katswiri wa bungwe lija kudzaona ndi maso ake, ndipo anabwerera kukapereka zimene anapeza. Malemu anadikira. M'nyengo ya kusala ino wansembe atabwera kudzawafunsa ngati akhululukira onse, anati, "Onse, abambo. Mmodzi yekha abweze kaye chimene anachotsa, ndi manja ake, anthu akuona." Pa 6 Epulo 2024, mmawa, anatisiya ali ndi zaka 81, dzina lawo likadali m'matope. Chigamulo cha bungwelo chinatuluka pa 10 Epulo, masiku anayi okha atatseka maso. Galimoto yeniyeni ndi ya ku Asmara. Ndipo monga mudziwa, khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Mlendo uja atapanikizidwa anabweza kachitsulo kaja n'kupereka kalata imene anakagulira, ndipo siginecha ili pansi pake ndi ya a Fessehaye Andemariam. Kalatayo ndili nayo apa, wofuna kuona adzaone.

Malemu asiya mayi Tiebe, ana anayi, Saba, Filmon, Rahwa ndi Natsnet, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza ansembe, anamwino amene anawasamalira, amayi a m'dera lino amene akhala akuphika chiyambire maliro, ndi anansi amene anaimika tenti. Tikuthokoza mwapadera osula a ku Medeber, amene atseka malo awo lero n'kubwera onse. Mwatidikira masiku asanu ndi awiri kuti Saba afike, Mulungu akubwezereni.

Dzana a Fessehaye anatuma akuluakulu atatu kudzapempha kuti akhale nawo m'gulu lonyamula bokosi, poti ndi mlamu. Akuluakulu, tinakulonjezani yankho lero, ndipo ndi ili. Mlandu suola. Mayi Tiebe ndawafunsa mmawa uno ngati ndisiye chifukwa ndi mlongo wawo, ndipo anati, "Werenga zonse, usadumphe." Galimoto ija taikankhira pakhomo la tenti, ili mbuu, yopanda penti, yopanda zitseko, mmene mwini wake anaisiyira. Saba wabwera ndi kachitsulo kenikeni kaja. Bokosi silinyamuka pano, ansembe sayamba ulendo wa kumanda, ndipo palibe adzuke pampando, mpaka amene anazula akhome.

Mzimu wa achimwene anga, bambo Zerezghi Habtezion, makaniko woona, uuse mumtendere umene anawalanda ali moyo.

Tsopano mukhoza kutembenuka. A Fessehaye, pukutani misozi, ingakulepheretseni kuona mabowo. Nyundo iyi, misomali inayi iyi. Dzukani, malemu akudikira.