Ndawapezera amayi manda a Esinati

Omvera anzanga, ine koleji inandikana, koma kafukufuku mmodzi ndamumaliza. Amayi anga anthu amawatchula amake Esinati, pomwe ana awo tonse ndife amuna, ndevu ndi mboni. Ndikafunsa ankangoti, "Iwe, kagule mchere."

Ndinanyamuka ku Balaka kukafunsa amalume kwa Mposa. Anati, "Iyayi mphwanga, khanda amaika ndi azimayi, ife sitidziwa." Amayi aakulu, Mulungu awadalitse, ndiwo anandilozera kamtumbira m'mphepete mwa manda. Esinati anali woyamba kubadwa, ndipo anamwalira asanakwanitse mwezi, amayi ali chigonere kuchipatala. Pamene anagona mwana wawo sanapaonepo.

Ndinapita nawo amayi anga kumandako. Anagwada n'kuyamba kuzula udzu, kenako anati, "Esinati, uyu ndi mlongo wako. Ndi wovuta, koma wandifikitsa."