Atsekwe Abwerera Kudambo la Chimatope

Tsiku lomaliza limene mnyamata wina anawaona bambo ake ali moyo, iwo anali m'matope mpaka m'mawondo, akudzala bango m'maenje osiyidwa ndi oumba njerwa. Patapita miyezi, mnyamatayo ali pasiteji, anamva bambo wina wodikira basi akufunsa mayi wogulitsa nthochi.

"Mayi, atsekwe onsewa akulowera kuti? Chiyambire kudutsa kuno sindinawaonepo."

"Kudambo kwathu, achimwene. Abwerera! Ndi akatumbu omwe. Achule ndiye osanena, sakutipatsa mpata wolankhula."

"Dambo lija linasanduka maenje okhaokha?"

"Lomwelo. Kunali mkulu wina, tinkamutcha Chimatope. Anzake akukumba dothi la njerwa, iye ankabwera m'mbuyo mwawo ndi wilibala, kudzala bango dzenje ndi dzenje. Tinkamuseka mpaka nthiti kuwawa."

"Inunso munkaseka nawo?"

"Ine ndiye ndinkayambitsa! Koma dzana oumba njerwa anabweranso ndi makasu awo. Amayi tonse tinakakhala pansi m'mphepete mwa madzi, tinati yambani mwakumba ife."

"Ndiye anakumba?"

"Akumbe ndani? Anabwerera makasu ali paphewa, atsekwe akuwakuwiza m'mwamba!"

"Ha! Chimatope wanuyo wapambana basi. Mumugulire sopo asambe."

"Sopoyo wachedwa, achimwene. Tinamuika m'manda mvula isanagwe. Maenje ake sanawaone atadzaza madzi."

"Pepani, mayi. Anamwalira liti?"

"Kaya. Masiku amasunga ndani?"

Mnyamatayo analisunga tsikulo: panali pa 14 Okotobala.