Kondowole Amene Ndinamunyoza Ndiye Anandichotsa M'manja mwa Chipani

Abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndinanamiziridwa bodza lotha kundichotsa padziko, ndipo pa zimene ndinene pano sindithirapo ngakhale kamchere.

Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene munthu unkayamba wacheuka usanayetsemule. Ndinachoka kwathu ku Ntcheu kukacheka mitengo ya labala pa esiteti ina kufupi ndi Chintheche. Kumeneko amadya kondowole, wa ufa wa chinangwa choviika m'madzi. Ine ndinamukana, chimanga ndinkachita kuitanitsa kumudzi. Mayi wina wa mumpingo mwathu, Anyamhone, atatipatsa mbale ya kondowole, ndinalengeza pagulu kuti kondowoleyo ndamatira tayala la njinga, ndafika nalo ku Mpamba n'kubwerako. Zinali zoona, koma mayiwo anasiya kundipatsa moni.

Kapitawo wathu, a Jere, ankafuna nyumba yanga ya pafupi ndi chitsime kuti alowemo mlamu wawo. Anapita kwa tcheyamani wa chipani atanyamula nsalu ya nkhope ya mtsogoleri, ili mbuu ndi ufa, pamphuno pali chitosi cha nkhuku. Anati aipeza pabwalo panga, mkazi wanga akuyanikapo ufa, ine ndikuseka. Mlandu wotere unkapita nawo osabwerako.

Anyamata a malaya ofiira ananditsekera masiku atatu. Khofi loyamba linaulutsa dzino langa mpaka ku Usisya, ndipo msodzi amene analitola akadali moyo. Anzanga a m'kwaya anaiwala dzina langa tsiku lomwelo. Mkazi wanga anasowa womugawira moto.

Sindinama, pemphero langa loyamba linali la ng'ona. Ndinamuuza Mulungu doko limene a Jere ankasambapo, ndi nthawi yake yomwe. Kenako ndinakumbukira Yosefe, amenenso anamangidwa chifukwa cha nsalu ili m'manja mwa wabodza, ndi Ambuye amene anakhala chete pamaso pa Pilato. Ndinati, Atate, pakamwa panga patupa, lankhulani ndinu.

Tsiku la mlandu anandikhazika pansi pakati pa anthu. Amene anaimirira si mbusa, si mnzanga. Anali Anyamhone.

"Ada tcheyamani, munthu uyu ngwamwano, ine sindimufuna. Koma tanunkhizani nsaluyo."

Tcheyamani, amene anakulira kondowole, ananunkhiza. Linali fungo la chinangwa choviika.

"Zaka zinayi m'nyumba mwake simunalowepo chinangwa. Akuti chakudya chathu n'chomatira njinga. Mukafuna mumangeni chifukwa cha pakamwa pakepo, koma ufa uwu si wake."

Anthu anaseka mobisa, poti kusekanso kunali ndi mlandu wake. Tcheyamani anandifunsa kuti nanga nsaluyo n'ja yani. Ndinkaidziwa. Chigamba chabuluu cha pakona ndinkachiona tsiku ndi tsiku pachingwe cha kwa a Jere. Dzina lawo linafika mpaka pampata wa dzino lija. Ndinayang'ana ana awo asanu, n'kukumbukira mawu aja akuti kubwezera n'kwa Ambuye. Ndinangoti, "Chimene ndikudziwa n'chakuti si yanga." Tcheyamani anagamula kuti nsaluyo inabwera ndi mwera. Mphepoyo mpaka lero sinagwidwe.

Musaganize kuti zinatha mokoma. A Jere sanapepese. Anakwezedwa pantchito, anaimba m'kwaya kutsogolo kwanga zaka zambiri, ndipo anamwalira ali ndi mano onse. Pamaliro pawo ndinanyamula nawo bokosi. Linali lolemera ngati bwato, ndipo mbali yolemera kwambiri inali yanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipulumutsa ndi pakamwa pa munthu amene ndinamunyoza. Sabata yomweyo ndinapita kwa Anyamhone kukapepesa, ndipo anandiikira mbale yodzaza. Ndinadya yonse. Mbamu yoyamba ija ikutsikabe, pano yafika pachifuwa.

Inu amene akukunamizirani, nenani zoona mwachidule, zotsalazo musiyire Mwini wake. Kukhululuka kuli ngati chinangwa chowawa: sachidya tsiku lokumba, amachiviika mpaka ululu utachoka. Pirirani. Ine amene ndikukuuzani, ndikadali m'madzi.