Tinkati Fundi Alibe Maso

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine Lyson, amene ambiri mumangonditcha fundi wa ku Umoja, kutanthauza mmisiri. Ena mwa inu makompyuta anu akadali pashelefu kwanga. Musandiyang'ane choncho, ndimaliza sabata ino.

Ndinabwera ku Nairobi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kudzakonza makompyuta pa bungwe lina ku Westlands. Odziwa ntchitoyi tinali ochepa, ndiye ndinayamba kudzimva. Mabwana akuluakulu ankandidikira pakhomo ngati ana asukulu. Ndikaweruka, minibasi, imene kuno timati matatu, inkanditsitsa pamalo omwera mowa, ndipo akazi anga, a Esnart, ankamva za ine kwa anthu. Tchalitchi ndinkati n'cha anthu amene zinthu zawavuta.

Pantchito yathu panali mwambo. Tinkati fundi alibe maso. Zimene wapeza mu kompyuta ya munthu, kaya ndi za chibwenzi kaya ndi zotani, waona koma sunaone. Mwambowu ndinkaunyadira, chifukwa ndi umene unkachititsa kuti mabwana azindikhulupirira.

Ku Muthaiga kunkakhala bambo ena akwathu, dzina sinditchula. Ndiwo anandipezera ntchito, ndiwonso anandithamangira chilolezo chokhalira m'dziko muno. Maliro akagwa pakati pa Amalawi, ndiwo ankasonkhanitsa anthu. Pa Khirisimasi ana athu ankasewera pakapinga pawo. Tonse tinkangoti ndi bambo athu.

Tsiku lina anandiitana kuti ndisamutse zinthu zawo kuchoka mu kompyuta yakale kupita mu yatsopano. Amene anandipatsa tiyi anali mayi wa kuno ku Kenya, wowaphikira, yemwe ankakhala kanyumba ka kuseri ndi mwana wake wamkazi wa kupulayimale. Mwanayo ndimutcha Wambui, ngakhale si dzina lake.

Pantchitoyi, ukamaliza kusamutsa umatsegula mafayilo angapo mwachisawawa kuti uone ngati afika bwino. Ndinatsegula chithunzi chimodzi. Zimene ndinaona sindinganene pano, ndipo sindidzazinena kwina kulikonse. Anali Wambui, m'chipinda chomwecho chimene ndinakhalamo, makatani ake omwewo. Zithunzizo zinalipo zambiri.

Ndinatseka msanga. Bambo aja atalowa ndinati, "Zonse zili bwino, bambo." Anandigwira paphewa n'kundiyamikira.

Ndinapita kumowa, koma mowa sunatsike. Ndinayamba kudzilimbitsa mtima. Palibe lamulo limene ndinkalidziwa londikakamiza kukanena. Fundi alibe maso. Komanso wakwanu sumuyalutsa pachilendo, makamaka amene anakugwira dzanja. Ndikanena, ntchito ithera pomwepo, ndipo ana anga adya chiyani? Zifukwa ndinali nazo zodzaza thumba, koma mtima sunakhale pansi.

Loweruka masana ndinapeza a Esnart akuluka tsitsi la mwana wathu Tadala pakhonde. Anandiuza kuti mawa lake, akaweruka kutchalitchi, ana onse aitanidwa kuphwando ku Muthaiga.

"Sapita!" ndinakuwa, mpaka Tadala anadzidzimuka.

A Esnart anamutuma mwanayo kukagula mafuta, n'kundiyang'ana. Ndinawauza zonse. Anaika chipeso pansi. Kenako anati, "Chabwino, a bambo a Tadala, wanu mwamukaniza. Nanga wa mayi uja amukaniza ndani? Iyetu amagona komweko."

Abale, mawu amenewo anandithyola. Kuyambira ndili mwana ndinkamva kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa. Ine ndinkafuna kutchinjiriza wanga yekha, wa mnzanga n'kumusiya pamoto. Ndinagwada pasimenti, munthu amene ndinali ndisanagwadepo chikwatirireni. Mawu okoma a pemphero ndinalibe. Ndinangoti, "Yesu, ndaona. Ndithandizeni ndisanamenso kuti sindinaone." Ndinalira, ndipo a Esnart anagwada pambali panga.

Sitinadikire kuti mantha abwererenso. Tinapita kwa abusa tsiku lomwelo, ndipo iwo anatiperekeza kupolisi. Kumeneko pakamwa panatseguka, ndinaulula zonse. Wambui ndi mayi ake anachotsedwa panyumba paja n'kupita kumalo otetezeka, ndipo bambo aja anakayankha mlandu kukhoti.

Sindikunamizani kuti zonse zinayenda myaa. Nthawi yanga pantchito itatha sanandiwonjezere ina. Amalawi ena anasiya kundipatsa moni, amvekere tachititsidwa manyazi pamaso pa eni dziko. Zinandiwawa kwambiri. Koma ndinakhululuka, ndipo ena a iwo tadyera limodzi kangapo chichitikireni zimenezo.

Mulungu sanandisiye. Mapepala anga anakonzeka, ndipo ndinatsegula kashopu ku Umoja, pafupi ndi pokwerera matatu. N'kakang'ono, fumbi limalowa mmene lifunira, koma ndimagona tulo. Mowa ndinausiya, ndipo masiku ano a Esnart amadandaula kuti ndimafika msanga kunyumba n'kumawasokoneza.

Ndimamva kuti kumayiko ena akukambirana zoti pakhale lamulo lokakamiza okonza makompyuta kukanena akakumana ndi zoonetsa kuti mwana akuchitidwa nkhanza. Ine ndikuti libwere, ndipo lifike kulikonse. Ine ndinali ndi a Esnart. Fundi wina alibe womufunsa funso ngati lija, ndipo adzakhala pamowa kudzilimbitsa mtima mwana akuvutika. Lamulo lidzamuchotsera mtolo wosankha pakati pa bwana ndi mwana.

Pashopu panga sindidikira lamulolo. Aliyense wobwera ndi kompyuta ndimamuuziratu kuti zinsinsi zake sindifufuza, koma ndikakumana ndi mwana wochitidwa zoipa, ndipita kupolisi. Ambiri amangoti sawa, kutanthauza kuti chabwino. Ena amanyamula kompyuta yawo n'kubwerera, ndipo ine sindiwaitana.

Chaka chathachi kunabwera mtsikana wina wa kukoleji ndi kompyuta ya m'manja imene inkakana kuyaka. Ndinayamba kumuuza mawu anga aja, koma anandidula akumwetulira.

"Ndikudziwa, fundi. Mayi anga anati ndisapite nayo kwina. Akuti inu ndinu fundi amene ali ndi maso."

Ndinamuyang'anitsitsa. Anali Wambui, wamtali, wathanzi, akuseka. Ndinatenga kompyutayo n'kuikonza.

Alemekezeke Yesu amene anatsegula maso a chidakwa chodzikuza ngati ine. Mbale wanga, mlongo wanga, mwina nawenso pali chimene unaona pantchito pako kapena panyumba ya mnzako, ndipo ukudziuza kuti sizikukukhudza. Bwera kwa Ambuye lero, akupatsa mphamvu. Ukadzuka pamawondo, pita ukanene, chifukwa mwanayo akugonabe komweko. Ameni.