A Zikhale ndi Chomera Chimene Sichinafe M'madzi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961 m'mudzi mwa Chitemwa, m'boma lino la Lilongwe, ndipo anawatcha Kenani Zikhale. Sukulu anayamba mu 1968. Ankatiuza kuti m'kalasi sanapitiridwepo ndi munthu. Amene akanatsutsa, ambiri anatsogola kale.

Mu 1989 anamanga banja ndi mayi Marcelina. Mu 1994 anapita ku Nyuzilandi kukaphunzira za mbewu. Anabwerako ndi udokotala, jasi lolemera, ndiponso chikondi cha chipatso chotchedwa kiwi, chimene ambirife tinangochiona pachithunzi cha pabalaza pawo.

Kiwi ndi chomera choyanga, ndipo mizu yake imafa madzi akangodikha. Ntchito ya malemu inali kufufuza tizigawo ta chibadwa timene timadzuka mizu ikasowa mpweya, n'kuthandiza chomera kupirira. Atapuma pantchito ya boma mu 2016, anapitiriza kafukufukuyu kuseri kwa nyumba ino ku Eriya 15. Ankamiza mbande m'mabeseni a mayi. Zinkafa, iwo n'kumiza zina. Mayi ankachapira m'ndowa.

Mu 2021 mbande imodzi sinafe. Anaibzala pampanda, n'kulengeza kuti yankho lonse lili mmenemo. Sankalola munthu kuthyolapo ngakhale tsamba. Akatswiri akunja amene anati adzabwera kudzachiyeza chomeracho akubwerabe.

Anayamba kudwala mtima mu Novembala 2023, ndipo anatisiya pa 14 Januwale 2025. Pomaliza anapempha mayi chinthu chimodzi, chakuti chomeracho chisafe. Za ana anati akula kale.

Tsiku la zovutali, achibale ochokera kumudzi anafuna masamba oika pamsewu, monga mwa mwambo wathu, kuti odutsa adziwe kuti pano pali maliro. Anaona chiyangoyango pampanda, n'kuchisadza. Chitsa chake anazula poimika tenti mwakhalamoyi. Anagwira ntchito ndi mtima wonse, ndipo banja silikuloza munthu chala. Magalimoto anaponda nthambizo mwaulemu, pang'onopang'ono. Mvula ya dzana inakokolera zotsala mu ngalande.

Dzulo m'mawa mayi Marcelina anadzuka pamphasa ya namfedwa osauza munthu. Analowa mu ngalandemo okha, natolamo nthambi zitatu. Azizika m'dothi limene athira m'beseni. Ngati zidzaphuke, sitikudziwa. Amene akanadziwa ndi awa agona apawa.

Malemu asiya mayi Marcelina, ana atatu, Lekani, Ursula ndi Joy, komanso zidzukulu zinayi. Tikuthokoza a mpingo, anamwino, anansi a mu Eriya muno, adzukulu okumba manda, ndiponso amene anaika masamba pamsewu.

Tikupempha kuti posamba m'manja musakhudze beseni lobiriwira lili pakhondelo. Muli nthambi zija, ndipo mayi akuliyang'ana.

Mzimu wa bambo athu Dokotala Zikhale uuse mumtendere.